Lubbert ndi Buku la Mjeremani

Lubbert Harmensz ndinagwira naye ntchito zaka zambiri m'nyumba yosindikizira mabuku, kuseri kwa ngalande ya Rozengracht muno mu Amsterdam. Iye ankasanja zilembo zamtovu, ine n'kumazipaka inki. Anali munthu wa manja ofulumira koma wosakamba zambiri. Masana ankadya buledi wakuda ndi nsomba yamchere ataimirira pazenera.

Tinkasindikiza mabuku okanidwa kumayiko ena: a anthu ofuna kusandutsa mtovu kukhala golide, ndi a ena onena kuti kuwala kwa Mulungu anakuona ndi maso awo. Ife sitinkawawerenga. Wosanja zilembo amaona mawu ali chozondoka, tsamba likatha waiwala.

M'chaka cha 1683 kunabwera Mjeremani wina wothamangitsidwa kwawo, atanyamula mtolo wa zolemba pamanja. Abwana anazipereka kwa Lubbert poti mayi ake nawonso anali Mjeremani, chinenerocho ankachimva. Buku limeneli ndiye analiwerenga. Linkati Nzeru yakumwamba ili ngati mkwatibwi wansanje, ndipo woifuna asakwatire.

Apa n'kuti Lubbert atatomera Neeltje, mwana wa munthu wopanga makandulo. Tsiku laukwati linali litadziwika kale, koma atawerenga bukulo anathetsa chitomerocho.

"Iwe Lubbert," ndinamuseka, "mkazi wapapepalayo adzakuphikira?"

"Seka, Joost. Iwe ndiwe wopaka inki, suona kanthu."

Neeltje anabwera yekha kuntchito kwathu, dengu lili m'manja.

"A Lubbert, ndiuzeni pamaso pa anzanuwa. Ndakulakwirani chiyani?"

"Palibe chimene walakwa."

"Nanga mnzangayo ndani?"

Lubbert anatenga tsamba losauma n'kumuonetsa chithunzi cha Nzeru ija, mkazi wovala chisoti chachifumu, dzuwa lili pachifuwa. Neeltje anachiyang'ana nthawi yaitali.

"N'ngokongola ndithu," anatero, n'kutuluka osatseka chitseko. Chaka chotsatira anakwatiwa ndi mmisiri wokhoma zombo.

Lubbert analowa kagulu ka amuna khumi ndi awiri kamene kankasonkhana kwa Mjeremani uja. Kutchalitchi anasiya, achibale nawo anasiya kumuitana. Pasanathe zaka zisanu kaguluko kanayambana pa tanthauzo la mawu amodzi a m'bukumo. Mjeremani atamwalira, ena anapita ku Leiden, ena anakakwatira mwakachetechete. Lubbert anatsala yekha m'kachipinda kake kapamwamba, pafupi ndi denga. Mabukuwo sanayende malonda, ndipo masamba otsala abwana anawapereka kwa ogulitsa batala kuti azikulungira. Tsiku lina ndinamupeza kumsika akuwongola tsamba lonona mafuta pabondo pake, akuliwerenga ngati kalata yochokera kwawo.

Atakalamba manja anayamba kunjenjemera chifukwa cha mtovu, maso nawo anachita mdima. Abwana anamusiyitsa zosanja zilembo, iye n'kumangoyanika mapepala pazingwe. Lamulungu ndinkakwera kukamuona, nditamutengera msuzi wa nsawawa umene mkazi wanga ankaphika. Kunalibenso wina wokwera makwerero aja.

Kamodzi ndinalimba mtima. "Achimwene, zaka zonsezi, Nzeru ija munaionako?"

Anaika supuni pansi.

"Kamodzi, ndikuganiza. Kunali m'mawa, ndikutsuka zilembo. Chipinda chonse chinawala, mtima wanga n'kukhala phee, ngati ndafika kwathu. Sizinabwerenso." Anapukuta pakamwa. "Mwina linali dzuwa chabe, Joost. Koma ndikanati ndisadikire, ndikanadziwa bwanji?"

Anandipempha kuti ndimusunthire mpando pafupi ndi zenera, azimvako anthu odutsa pamlatho.

Anamwalira m'nyengo yozizira ya 1711, ngalande zitaundana. Pamaliro tinalipo anayi, tonse a kuntchito. Nthaka inali gwa, moti okumba manda anatidikiritsa mpaka masana. Titamuika tinabwerera kukasindikiza kalendala ya chaka chatsopano, poti inali itachedwa kale.