Phazi la Malume Linakana Kujambulidwa

Lachiwiri ndinanyamula malume anga a ku Lisasadzi panjinga yamoto, ulendo wa kuchipatala. Kunena zoona ndinachita kuwaba. Iwo ankakana, ati tsiku limenelo kuitanidwa mayina a makuponi a feteleza, ndiye munthu wanzeru sachoka pamudzi.

Malumewa ali ndi matenda a shuga. Chala cha kuphazi chinakhala ndi bala miyezi itatu, chikuda ngati chikonga cha fodya, iwo n'kumangochibisa m'gambutsi.

Kuchipatalako tinapeza madokotala achilendo ali ndi makina otulutsa kuwala kofiira, ati leza. Akawalitsa pakhungu, pakompyuta pamaoneka m'mene magazi akuyendera: pofiira ndiye kuti akuthamanga, pabuluu afooka.

"Makina oona magazi?" malume anabweza phazi. "Mphwanga, wandibweretsa kwa anamapopa?"

"Sititenga ngakhale dontho, bambo," anatero namwino.

Atatambasula phazi, chithunzi chinangoti bii! Dokotala anagwiragwira mawaya, kuzimitsa, kuyatsanso. Bii! Namwino ndiye anawerama n'kuphulika nako kuseka. Phazi lonse linali mphini zokhazokha, zopakidwa mankhwala akuda a kwa sing'anga, pamwamba pake phulusa la mitengo ya fodya. Nanga kuwalako kukanadzera pati? Anawakwecha ndi sopo mpaka malume anaitana mayi awo amene anatisiya kalekale.

Ulendo wachiwiri chithunzi chinabwera. Phazi lofiira bwinobwino, chala chokha buluu.

"Chalachi chichoka, koma mwendo utsala," anatero dokotala. "Mukanazengerezabe, tikanadula pabondo."

Kuseka konse kunandithera. Ndinachita mantha, abale.

Tsono taganizani. Malume omwewa, tsamba la fodya likangoyamba chikasu, amaliona ali kumsewu n'kuthamangira feteleza. Kushedi amasankha magiredi ndi maso okha, salakwitsa. Koma chala chawo chomwe chikusintha mtundu, iwo phee, ati anaponda mankhwala a mnansi wansanje.

Si iwo okha. Kuno ku Kasungu munda timauyendera m'mawa uliwonse, koma thupi timalikumbukira likatigwetsa. Ndipo ine wolemba pano ndisadziyeretse: miyezi itatu yonseyo ndinkawafunsa za nazale, za mapazi ayi.

Chala anachidula Lachinayi. Malume akutsimphina, akundinenabe kuti ndine mwana wamwano, koma miyendo ili iwiri.

Nanga inu, bambo anu aja odwala shuga, phazi lawo munaliona liti komaliza?