Mayi Finyani, Amene Ankadikira Odwala Kuti Adzuke

Akonzi a kalata ya parishi yathu andipempha kulemba za moyo wa mayi amene tinawaperekeza kumanda mwezi wathawu, ati chifukwa ndinakhala nawo benchi imodzi zaka zambiri. Ndavomera, koma ndinene poyera kuti palibe zala zinazunzika m'tchalitchi muno kuposa zanga. Nthawi yopatsana moni wa mtendere ikakwana, ena ankagwirana chanza mwaulemu, koma mayiwa ankafinya dzanja ngati akufinya chovala chochapa. Komabe dzina lakuti Mayi Finyani silinayambire pa benchi, linachokera ku chipatala.

Anabadwira m'banja lopemphera, bambo awo ali okonza njinga. Ali mtsikana wapasukulu anadwala m'mimba mwadzidzidzi ndipo anawathamangitsira ku opaleshoni. Kwa inu amene simunalowemo, ndifotokoze monga anandifotokozera eni ake. Munthu amapatsidwa mankhwala ogonetsa, komanso ena ofooketsa minofu kuti thupi lisagwedezeke adokotala akamagwira ntchito. Achiwiriwa amafooketsa ndi minofu yopumira yomwe, choncho munthu amapuma mothandizidwa. Ntchito ikatha amamubaya jakisoni wobwezera mphamvu, kenako amadikira kuti agwire.

Tsiku limenelo tulo tinawathera mphamvu zisanabwerere. Ankamva zonse, kulira kwa zitsulo ndi anamwino akukambirana za nsapato, koma ngakhale chikope chinkakana kutseguka. Sizinatenge nthawi yaitali, koma mtsikanayo anaganiza kuti wamwalira ndipo anthu sakudziwa. Anapemphera chamumtima, n'kulonjeza Mulungu kuti akadzakula sadzalola munthu kugona chonchi popanda womulankhula. Mantha a tsiku limenelo sanawachoke mpaka ukalamba, ndipo sankabisa.

Lonjezo analisunga. Anaphunzira unamwino n'kupempha kugwira ntchito ndi dokotala wogonetsa odwala. M'mawa uliwonse ankakonza majakisoni pa thireyi, koma wobwezera mphamvu uja ankamuika pambali payekha, ndipo ankamutcha belu la m'mawa. Adokotala akangobaya, mayiwa ankaweramira kukhutu kwa wodwala.

"Achimwene, opaleshoni yatha bwino. Ngati mukundimva koma thupi likukana, musaope, ndi mankhwala chabe. Mphamvu zili m'njira. Ine ndili pompano, sindichoka."

Kenako ankamuuza kuti atsegule maso, atulutse lilime, adzutse mutu, ndipo pomaliza, "Finyani dzanja langa." Munthu wofinya molimba ndiye kuti mphamvu zabwereradi, atha kupuma yekha. Ndi mawu amenewa amene anasanduka dzina. Ndipo poti tsiku lonse ankayeza manja a anthu, Lamulungu ankayeza athu. Ukawagwira mofooka ankakufunsa ngati wadya.

M'chipinda chimenecho miseche inali yoletsedwa. Ankati khutu ndilo limayamba kudzuka, choncho pamutu pa wodwala pazinenedwa zoti iye angakonde kumva. Ansembe athu akale aja atachitidwa opaleshoni ya ndulu anadutsanso m'manja mwawo, ndipo kuyambira pamenepo mayiwa ankanyadira kuti m'parishi yonse ndi iwo okha amene wansembe anawatulutsira lilime.

Mayesero sanawalambalale. Miyendo inatupa ndi kuimirira. Kangapo anawaitana kuntchito Misa ili mkati, n'kutuluka chowerama kolona ili m'manja. Mwana sanakhale naye, ndipo pakamwa pa anthu mukupadziwa. Zinkawapweteka, ndinawaonapo akulira, koma sanabwezepo mawu oipa. Ankangoti ana a eni amene anawadzutsa ndi okwana sukulu yathunthu.

Amuna awo ndi telala uja wa pafupi ndi malo okwerera basi, munthu wabwino koma wouma pakamwa kuposa aliyense amene ndikumudziwa. Ena amati n'chifukwa cha mapini amene amaluma tsiku lonse. Ukawapatsa moni amati "Mm." Ukadandaula kuti diresi yathina amati "Mm." Apa ndi pamene panali nkhawa ya mayiwa. Ankandiuza kuti imfa sakuiopa, chimene akuopa ndi kudzagonanso ngati tsiku lija, akumva koma osagwedezeka, pambali pawo pali munthu wosalankhula. Anawapempha amuna awo kambirimbiri kuti zikadzatero adzawalankhule. Yankho lake mwalidziwa kale.

Mayiwa atapuma pantchito anayamba kuyendera odwala a m'parishi, makamaka amene anasiya kulankhula. Ife tinkafika n'kukhala duu ngati tili pamaliro, koma iwo ankakokera mpando pafupi n'kumuuza wodwalayo nkhani zonse, za kwaya, za denga lodontha, za amene wakwatiwa. Anatiphunzitsa kuti munthu akakhala chete sindiye kuti wachoka. Za imfa ankanena moseka kuti nayonso ndi mankhwala ofooketsa chabe, jakisoni wobwezera mphamvu ali m'manja mwa Mwini moyo.

Chaka chino matenda opha ziwalo anawagwetsa pakhomo akuthirira maluwa. Madokotala anayesetsa, koma pa matenda amenewa belu la m'mawa lija siligwira. Anabwerera kunyumba osalankhula, osagwedezeka, maso okha akuphethira mwa apo ndi apo. Chimene ankaopa moyo wawo wonse chinali chitafika, ndipo ine mtima unandiwawa. Ndinapita masana ena nditakonzeka kukalankhula m'malo mwa atelala.

Ndili pakhonde ndinamva mawu a mwamuna amene sindinkawadziwa. Ndinayesa kwabwera mlendo. Nditasuzumira ndinapeza ndi atelala, atakokera makina awo osokera pafupi ndi bedi, pakamwa popanda pini ngakhale imodzi. Ankawauza akazi awo za kasitomala amene amalimbikira kuti buluku lachepa m'chiuno pamene yakula ndi mimba. Kenako anati:

"Amayi, mukukumbuka yunifolomu ija munabweretsa koyamba kuti ndiifupikitse? Ija ndinasoka mokhota? Ndinachita dala. Ndinkafuna mubwerenso."

Ndinakhala pansi pakhonde pomwepo, kuseka ndi kulira pamodzi. Atelala analankhula masiku onse otsatira mpaka mawu anasasa, ndipo oyandikana nawo akuti anamva nkhani zambiri kuposa za zaka zonse zimene akhala moyandikana.

M'mawa wotsiriza ansembe atawadzoza mafuta a odwala, atelala anaweramira kukhutu kwa akazi awo. Anawauza kuti asaope, ndi mankhwala chabe, mphamvu zili m'njira, ndipo iwo ali pompo sachoka. Kenako anaika dzanja lawo m'dzanja la mayiwo n'kunena kuti, "Finyani." Tinadikira. Zala zinagwedezeka pang'onopang'ono n'kugwira, mofatsa, kufinya kofatsa kokhako kumene ndinawaonapo m'moyo wawo. Patapita kanthawi mayiwo anapuma komaliza, nkhope ili yowala ngati ya munthu amene wamva zimene ankadikira.

Akhristu anzanga, mukapita kukaona wodwala amene sakuyankha, kokerani mpando pafupi ndipo mulankhuleni. Mzimu wa mayi wathuyu uuse mumtendere kufikira tsiku limene Mwini moyo adzawadzutse.

Lamulungu lapitali atelala anakhala pa benchi yathu, pamalo pa akazi awo. Nthawi ya moni wa mtendere itakwana anandigwira dzanja n'kulifinya mpaka mphete inandilowa m'chala. Kwa nthawi yoyamba m'zaka zonsezi, sindinadandaule.