Kufotokoza za Mkaka Wofiira wa M'nyumba Mwanga

Kwa awerengi olemekezeka,

Ndi ulemu wonse ndikupempha kuti sabata ino mundilole ndisiye nkhani za misewu ndi milatho zimene ndimalemba kawirikawiri m'danga lino, kuti ndifotokoze za chakumwa china chimene chinatsala pang'ono kundiwotchetsa nyumba.

Choyamba, dziwani kuti mkazi wanga, amene kuno timawatchula kuti amake Esitere, akhala chigonere kwa masabata atatu. Ali ndi zilonda zapakhosi zimene zikuwaletsa kumeza. Kuchipatala anatipatsa mankhwala pamodzi ndi langizo lakuti adye zofewa zokhazokha. Phala analikana. Mbatata yosinja anaikana. Thupi linayamba kutha ine ndikuona, ndipo ndinazindikira kuti ngati sapeza chinthu cholowa m'mimba, mankhwalawo adzachiritsa khosi la munthu amene wapita kale.

Masiku oposa sabata apitawo, tsiku Loweruka, mwana wathu Esitere, amene amagwira ntchito ku Limbe, anatumiza katoni pa minibasi. M'katimo munali makina opera zipatso, amene iye amawatcha bulenda, ndi zipatso zotchedwa sitiroberi. Kwa amene sanazionepo, ndi tizipatso tofiira, tofewa, tokhala ndi njere kunja m'malo mwa m'kati. Malangizo anandipatsa pafoni, ine ndikulemba papepala.

"Adadi, akalira makinawo musathawe. Si chigayo."

"Mwanawe, ndagwira ntchito zaka zambiri pafupi ndi fakitale ya tiyi. Sindingaope kabotolo ka magetsi."

"Chabwino, akalaliki. Koma chivundikiro mutseke kaye, mungapake denga."

Ndondomeko yake ndi iyi. Mkaka wa ng'ombe umawiritsidwa nkusiyidwa kuti uzizire, ndipo chiperoni cha masiku ano chinandithandiza kwambiri pa ntchitoyi. Mafuta amene amayandama pamwamba amayengulidwa ndi supuni, nkuikidwa m'mbale yozizira, nkumenyedwa ndi mafoloko awiri kufikira ataima okha ngati thovu la sopo. Ameneyo ndiye kirimu. Tsiku loyamba ndinamenya mopitirira muyeso ndipo ndinapeza batala, choncho owerenga achenjere. Zipatso zimachotsedwa timasamba, nkuthiridwa m'makina pamodzi ndi mkaka ndi shuga. Popeza njere zake zikanapweteka khosi la wodwala, ndinkasefa chakumwacho pa nsalu yoyera, kenako nkuika kirimu pamwamba.

Ndiyenera kuvomereza pano kuti mtundu wake si wokhazika mtima pansi. Ndi wofiirira, ngati madzi amene mwatsukira nyama.

Koma amake Esitere anamwa theka la kapu. Lamulungu anamaliza kapu yonse, nkunena ndi mawu otsika kuti, "Mupangenso." Kuyambira pamenepo makina ankalira katatu pa tsiku, ndipo katatu pa tsiku ndinkachapa nsalu ija nkuiyanika pachingwe. Madontho ake sankachoka.

Nyumba yanga ili m'malire mwa munda wa tiyi, ndipo njira ya othyola masamba imadutsa pafupi ndi khonde langa. Ine ndinali kalaliki wa pasikelo kufikira pamene ndinapuma, choncho amayi othyolawo sadutsa osandinyoza. Mawu awo a masiku onse ndi akuti, "Akalaliki, sikelo yanu yokuba ija munapita nayo kunyumba?" Ine ndimayankha kuti amene ankaika miyala pansi pa dengu ndikuwakumbukira mayina. Timaseka, tsiku nkuyamba.

Lachitatu m'mawa palibe ananena kanthu.

Nkhungu inali itatsika mpaka pa mitu ya tiyi. Nditatuluka kukayanika nsalu, ndinaona anthu ataima m'mundamo, tiyi akuwalekeza m'chiuno, madengu ali kumsana. Manja awo sankathyola. Onse anali atayang'ana kunyumba kwanga. Ndinapereka moni mokweza, kawiri. Nkhungu inadutsa pakati pathu, ndipo itayera pang'ono anali atawerama onse, akuthyola mwakachetechete, ngati kuti amene anaima aja anali anthu ena.

Kodi munayamba mwamvapo munda wa tiyi wodzaza anthu koma wopanda mawu? Chimene chimamveka ndi kuthyoka kwa nsonga basi.

Lachinayi mayi Namakhwa, amene amaweta ng'ombe ya mkaka kuseri kwa tchalitchi ndipo amatibweretsera botolo m'mawa uliwonse, sanabwere. Ndinawatsatira kukhola.

"Mwadzuka bwanji, mayi? Mkaka sunafike."

"Ng'ombe yauma, akalaliki."

Chidebe chinali pamapazi awo, chodzaza, thovu lisanaphwe.

"Nanga uwu ndi wa mbuzi?"

"Uwu uli ndi eni ake." Sanandiyang'ane kumaso. Anasuntha pang'ono kuti khola likhale pakati pa iwo ndi ine.

Pobwerera ndinakumana ndi a Mulipa, kapitawo wa othyola tiyi, amene tinagwira nawo ntchito limodzi ndipo timaitanana alamu chifukwa akazi athu anachokera mudzi umodzi. Anandikokera pansi pa mtengo wa bulugama.

"Alamu, m'nyumba mwanu mukulira chiyani?"

"Makina a zipatso."

"Zipatso zimatuluka magazi? Anthu aona nsalu. Aona ndi madzi amene mukutaya kuseri. Mlongo wathu, amake Esitere, sakuoneka panja sabata yachitatu ino, ndipo amene anasuzumira pawindo akuti watsala mafupa. Ndiye katoni ikuchokera m'tauni, ina yafikanso dzulo."

"Imeneyo ndi ya zipatso zina. Watumiza ndi Esitere."

"Ine ndikukhulupirirani, alamu, ngakhale munandidula makilo kangapo. Koma mawu amene akuyenda ndi aja. Akuti mwalowa ntchito yopopa."

Awerengi a m'boma lino safunika kuwamasulira. Tonse tikukumbukira nyengo ija ya mphekesera za anamapopa, pamene anthu ankagona panja m'magulu poopa kupopedwa magazi, ndipo mlendo wonyamula chikwama ankafunsidwa mafunso ndi miyala. Anthu osalakwa anafa. Ine ndinkayesa kuti zimenezo tinazikwirira. Ndaona tsopano kuti tinangozifunditsa, monga tiyi wodulira amene amaoneka ngati wauma koma mizu ili moyo, ikudikira mvula.

Ndikupempha kuti mfundo yotsatirayi iganiziridwe mofatsa. Zonse zimene anthu anaona zinali zoona. Nsalu inalidi yofiira. Makina ankaliradi. Wodwala anaondadi. Palibe amene ananama pa chimene maso ake anaona. Chimene chinasowa ndi munthu mmodzi woyenda mapazi makumi awiri kuchokera panjira kufika pakhomo, nkunena kuti odi.

Kale munthu akagona masiku awiri, lachitatu pakhomo pankadzaza. Wina ankabwera ndi nthochi, wina ndi nkhuni, wina ndi pakamwa pokha, koma ankalowa, nkukhala pamphasa, nkumugwira wodwala dzanja. Kuzonda odwala kunali ntchito ya mudzi wonse. Lero timazonda pawindo. Timazonda pafoni, potumizirana uthenga wa zimene wina wamva kwa wina. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Nanga ife amene tikumverera anzathu tili pamtunda woti tikhoza kumva wodwalayo akutsokomola, tidzanena zotani?

Lachinayi lija amake Esitere anangomwa madzi. Madzulo ndinakwera kabaza kupita kwa mlimi wina kufupi ndi Khonjeni, kumene nkhope yanga sidziwika, ndipo ndinabwera ndi mkaka. Koma mwamuna wa zaka zanga sangakwere kabaza tsiku ndi tsiku kusiya wodwala yekha m'nyumba imene anthu akuiyang'ana chotero. Ndinatuma a Mulipa kuti alengeze kuti Lachisanu, othyola akaweruka, aliyense wofuna kuona ntchito yopopa afike pakhomo panga.

Anabwera ambiri. Palibe anaponda pabwalo. Anaima m'mphepete mwa tiyi, mzere umodzi, nkhungu ili kumbuyo kwawo, ndipo ndinaona kuti amuna ena manja awo anali kumbuyo. Mayi Namakhwa anali kumapeto kwa mzerewo.

Ndinatulutsa tebulo pakhonde, nkukoka nthambo ya magetsi kudzera pawindo. Chinthu chilichonse ndinachikweza m'mwamba nkuchitchula dzina, monga tinkachitira powerenga katundu wa m'sitolo ya esiteti ya tiyi. Uwu ndi mkaka. Uyu ndi shuga. Izi ndi zipatso, ndipo ndinadya chimodzi iwo akuona. Nditayatsa makina, mzere wonse unabwerera m'mbuyo phazi limodzi, nthawi imodzi. Mkaka woyera unasanduka wofiira m'maso mwawo. Ndinasefa pansalu, ndinaika kirimu, ndinatambasula dzanja.

"Amene akufuna alawe."

Kapu inakhala m'dzanja langa, palibe amene anabwera kudzaitenga. Ngakhale a Mulipa anayang'ana nsapato zawo.

Kenako chitseko chinalira kumbuyo kwanga. Amake Esitere, amene sanaime okha kwa masiku ambiri, anali atagwira mphuthu ya chitseko, atafunda chitenje kumutu. Ndinaona nkhope yawo monga anthu aja ankaionera: masaya olowa, maso aakulu. Anatenga kapu ija ndi manja awiri nkumwa pang'onopang'ono mpaka pansi. Mlomo wawo unatsala wofiirira. Mawu awo ndi ochepa masiku ano, koma pamalopo panali zii moti aliyense anamva.

"Masabata atatu ndili gone, sindinaone phazi la munthu. Mwamva za magazi, mwabwera nonse. Anamakhwa, inu ndinakuchezerani pamene munali ndi pakati povuta paja. Ng'ombe yanu yauma liti?"

Mayi Namakhwa anaphimba pakamwa ndi nsalu. Anthu anayamba kuchoka mmodzimmodzi, kulowa m'mizere ya tiyi, mpaka nkhungu inawameza. Pamene panaima amuna aja panatsala miyala isanu ndi umodzi. Ndinaiwerenga, chifukwa kuwerenga ndi chizolowezi changa.

Ndine wokondwa kudziwitsa awerengi kuti Loweruka m'mawa mkaka unabwera, ndipo wodwala wamwa makapu awiri nkulawanso phala pang'ono. Koma botololo silinafike pakhomo. Ndinalipeza litaimikidwa panjira, pansi pa tsinde la tiyi, ndipo lero ndalipezanso pomwepo. Amene akulisiya sagogoda.

Masana ano a Mulipa anadutsa. Anakana mpando.

"Alamu, za makina zija zatha. Anthu akhutira."

"Tithokoze Mulungu."

"Koma pali ena akuti amene anatuluka Lachisanu uja sanali mlongo wathu. Akuti mlongo wathu sankayenda choncho, ndipo mawu aja sanali ake. Akuti mwini wakeyo anapita kale."

Ndinawapempha kuti alowe akadzionere okha, popeza wodwalayo anali maso, chipinda chili apo. Anayang'ana chitseko nthawi yaitali, nkunena kuti akuthamangira kusikelo.

Choncho ndikutseka kalatayi ndi chidziwitso kwa onse okhudzidwa, kuti khomo langa ndi lotsekula kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, ndipo mkazi wanga ali m'katimo, dzanja lake ndi lofunda. Makina ndinawatulutsa panja, zipatso ndinadya pamaso panu, mwini wake anaima nkukutchulani mayina. Ndithandizeni, abale anga a m'Thyolo: munthu atulutsenso chiyani kuti anansi ake avomere kuti ali moyo?

Ine wanu mwaulemu,
Kalaliki wopuma wa pasikelo.