Ndinakulunga waya m'dzanja

"Ba Malawi, nanga vikumo vanu vinachita bwanji? Ni mashini?"

Anandifunsa choncho ndi Esnart, mayi wa ku Chipata amene bedi lake lili pamwamba pa langa kuno ku Al Rigga, ataona mmene zala zanga zimavutikira kumanga mabatani a yunifomu. Ndinamuuza kuti ndi nsomba. Anaseka mpaka bedi kugwedezeka. "Nsomba? Mu Dubai muno?" Ndinati ayi, kutali, kumene madzi amazizira ngati a m'firiji.

Ntchito yanga yoyamba kuno anandipezera mayi wina wa kutchalitchi kwathu ku Chikwawa, amene anabwera kale. Linali banja la azungu ku Al Barsha, ndipo ine ndinkalera khanda lawo, kuchapa ndi kusita. Mwana wanga Tadala ndinamusiya ndi amayi akuyamba kumene kuyankhula. Lamulungu tikatuluka m'tchalitchi ndinkaluka anzanga tsitsi, ndipo ankachita kulimbirana, poti manja anga anali achangu. Ntchito yanga yonse inali ya manja.

Kutentha kutafika poipa, madamu anati banja likupita kwawo kumpoto kwa Scotland, ndipite nawo. Umenewo ndiwo unali mwezi wa tchuthi changa. "Kwanu udzapita Disembala, inshallah," anatero. Ndinavomera. Ndani amakana ali m'chaka choyamba?

Kumeneko abwana ankakonda kuwedza shaki, zinsomba zazikulu za mano akuthwa zija. Osati kuti adye, ayi. Amaikoka, kuijambula, kuibaya kachizindikiro pamsana, n'kuitaya. Tsiku lina madamu anatenga khanda kupita nalo kwa makolo awo, abwana n'kuti, "Yalla, Mercy, tiye ukatithandize tiyi." M'botimo tinali atatu: ine, abwana, ndi mwini boti, bambo wachikulire wosakonda kuyankhula.

Tiyi anali chabe poyambira. Mwini boti ataona kuti sindinyansidwa ndi nsomba, anandipatsa mpeni ndi ndowa. Ndinkadula tinsomba tamafuta totchedwa makerelo, kutisinja, kusakaniza ndi gaga ndi mafuta a nsomba, n'kuika m'thumba la anyezi. Thumbalo amalimangirira m'mbali mwa boti kuti fungo liziyenda ndi madzi. Mbedza yake ndi yaikulu ngati chikhatho. Siimangidwa ku ulusi koma ku waya wautali, chifukwa mano a shaki amadula ulusi. Wayayo ndiye amalumikizidwa ku ulusi wa pa ndodo, ndipo pamwamba amamangapo baluni. Baluni ikamira, ndiye kuti yadya.

Mphepo yake sindinaionepo. Ndinavala majuzi awiri ndi jekete ya madamu, koma zala zinkachita dzanzi. Magolovesi anandipatsa, koma ndinawavula kuti ndipake batala pa buledi.

Baluni inamira dzuwa lili pamutu. Ndodo inapindika, chopotera ulusi chikulira ngati njinga yamoto. Abwana anamanga lamba m'chiuno, kulowetsa ndodo, n'kuyamba kulimbana nayo. Akakoka pang'ono, iyo imatenganso. Thukuta linkatsika m'kuzizira konse kuja. Kenako ndinaiona ikukwera kuchokera pansi: yotuwa, yonenepa ngati mgolo, yaitali kuposa chitseko. Inagona chammbali pafupi ndi boti, diso lake lakuda bii lili pa ife.

Mwini boti anagwira waya ndi magolovesi ake achikopa. Kamtengo kobayira chizindikiro kanali katagubuduzikira kutsogolo kwa boti, ndiye anausiya wayayo kuti akakatenge. Abwana, dzanja limodzi pa ndodo, lina likufufuza foni m'thumba, anakuwa: "Mercy, gwira pamenepo isachoke! Kanthawi kochepa!"

Ndinagwira. Kwathu ndinakula ndikuwedza milamba mu Shire ndi atate, popanda ndodo, chingwe chokha. Lamulo la atate linali limodzi: nsomba ikagwira, kulunga chingwe m'dzanja isakupulumuke. Manja anga anachita zimene anaphunzira, mutu usanaganize. Ndinakulunga waya kuzala.

Nsombayo inaoneka yotopa. Sinali yotopa. Inangomenya mchira n'kulowa pansi. Ndinamva ndikukokedwa mpaka mimba kugunda chitsulo cha m'mbali, nkhope ili pamwamba pa madzi. Ululu sindinaumve nthawi yomweyo, ndinangomva kutentha. Mwini boti anandigwira kolala ya jekete, n'kudula waya ndi pulayazi imene inkakhala pa lamba wake. Shaki inapita ndi mbedza yake.

Akundimanga dzanja ndi thaulo, mwini boti anayankhula mawu ambiri kuposa tsiku lonse. "Waya sakulunga, mwana wanga. Amaugwira ndi dzanja lotsegula, kuti ikakoka uusiye." Kenako anatembenukira abwana: "Ndani anakuuzani kuti mumupatse?" Foni inali idakali m'manja mwa abwana.

Kuchipatala anadula chala chamkombaphala chakumanja. Chapakati anachisoka, koma chinauma, sichipindika. Sindinganame, abwana analipira zonse, ndipo anapepesa kambirimbiri. Madamu analira nane. Koma titabwerera ku Al Barsha ndinaona kuti ndikanyamula khanda, maso awo ali pa dzanja langa. Tsiku lina botolo la mkaka linandipulumuka. Disembala itafika madamu anati ndidikire kaye dzanja lipole bwino, ndipo kontirakiti itatha anati, "Khalas, basi, Mercy, tapeza wina. Usatidandaule."

Pano ndimakolopa m'maofesi ku Deira. Chimene ndinatola n'chakuti munthu akandiuza kuti "gwira", kaya ndi makwerero, kaya mashini opukutira pansi, ndimayamba ndafunsa: chikandilaka ndichite bwanji? Ena amaona ngati ndine wochedwa. Ndimawasiya aone choncho.

Kwathu ndinapita chaka chatha. Tadala anakhala pakati pa miyendo yanga ndi chipeso, akuti, "Amama, mundiluke ngati anzanu a pa zithunzi zimene munkatumiza zija." Ndinayesa. Tsitsi linkangothawa m'zala. Anatembenuka n'kundiyang'ana, kenako ananyamuka yekha kupita kwa mayi wa nyumba yoyandikana nayo.

Nditamufotokozera zonsezi, Esnart anasiya kuseka. Anafunsa ngati abwana anaijambula nsombayo. Sanaijambule.

Ndiye chimene ndinataya ndi ichi: chala chimodzi, china chouma, tchuthi chimene sindinapite, ntchito ya ku Al Barsha, ndi mutu wa mwana wanga, umene pano amaluka ndi anthu ena.