Chiliza Chimodzi cha Amayi Awiri

Kwathu, chakumtunda kwa Mkanda, manda ali m'kankhalango kamene ana sitinkaloledwa ngakhale kukaloza. Ankati ukaloza kumanda chala chimawola. Ine ndinayesapo mobisa, ndi kachala kakumapeto kamene sindinkakawerengera kwenikweni, ndipo mpaka lero kalipo. Chinkandikokera kumeneko n'chakuti amayi anga anali mmenemo. Anamwalira ndisanadziwe kusunga nkhope ya munthu, ndipo anandilera ndi mng'ono wawo, mayi aang'ono. Ndinkafunitsitsa kuona pamene anagona, ndi kudziwa ngati pamafika dzuwa.

Ndili sitandade faivi, amalume a Yohane anabwera kuchokera ku esiteti ya fodya ndi matumba a simenti pangolo, kuti amange chiliza cha mlongo wawo. Akuluakulu ena anakana kuti ndilowe nawo, koma mayi aang'ono anaumirira kuti mwana aone pamene pali mayi ake. Ndinalowa nditawagwira nsonga ya chitenje.

Ndinkayembekeza mantha, koma ndinapeza mthunzi wozizira bwino kuposa wa kusukulu. Masamba ouma ankalira kuphazi, nyenje zili pakamwa yasa, ndipo ponseponse pankanunkhira masuku ogwa okha amene palibe ankawatola. Zimenezo zinandipweteka mtima pang'ono. Pamitumbira panali mbale zobooka, makapu adzimbiri, ndi mitanda yamatabwa imene chiswe chinali chitaidya n'kusiya zitsa. Ndinkafuna kufunsa za chilichonse, koma mayi aang'ono ankanditsina ndikangotsegula pakamwa.

Tinaima pa mitumbira iwiri yoyandikana, yophwa ngati mizere ya m'munda wogonera. Amalume analoza wakumanzere n'kuuza mmisiri amene anabwera naye kuti ayambe kukanda simenti. Mayi aang'ono anati ayi, ndi wakumanja. Chizindikiro chinali kapu ya amayi ya mkombero wabuluu, koma kapuyo tinaipeza itagona pakatikati, kaya inakunkhulitsidwa ndi mvula kaya ndi mbuzi.

"Bokosi ndinanyamula nawo ine," anatero amalume.

"Munanyamuladi, achimwene, koma mmene munkaliramo simukanaona ndi njira yomwe," anayankha mayi aang'ono.

Mtumbira winawo unali wa a Naphiri, amene ankakhala moyandikana nafe ndipo anamwalira dzinja lomwelo. Anatuma munthu panjinga kukaitana mwana wawo, a Lazaro, kuti atiuze pamene pali amayi awo, ife titenge potsalapo. Anafika modzikhulupirira, anavula chipewa, anayang'ana uku ndi uku, kenako anayamba kukanda m'mutu. Anati iwo chiikire maliro ankangoyang'ana pamene pali kapu yathu, n'kukagwada pamene palibe. Nawonso a kwathu anaulula kuti ankadalira mtanda wa a Naphiri, umene chiswe chinamaliza kalekale. Banja lililonse linkaganiza kuti anzawo ndiwo akusunga.

Apo m'pamene ndinalira, ndipo sichinali chisoni ayi, unali mkwiyo. Anthu akuluakulu, odziwa malire a munda uliwonse mpaka pa chulu ndi pa chitsa, anali atawasokoneza amayi anga.

Pofuna kunditonthoza, a Lazaro anandiuza nkhani imene palibe anali atandiuzapo. Amayi ndi a Naphiri anatha zaka osapatsana moni chifukwa cha mbuzi imene inadya mtedza wa amayi pamphasa. Akakumana kuchitsime, wina ankayang'ana kumwamba, wina pansi, ndipo kutchalitchi ankagwirana chanza cha mtendere ndi nsonga za zala zokha. Ndinasiya kulira n'kutchera khutu. Anthu onse ankangondiuza kuti amayi anali munthu wabwino, monga amanenera za akufa onse. Tsiku limenelo ndinamva koyamba kuti anali ndi makani ngati anga, ndipo ndinakondwa kwambiri.

Mmisiri anawakumbutsa kuti simenti yokandakanda siidikira mlandu. Atanong'onezana, anagwirizana zomanga chiliza chimodzi chachikulu chophimba mitumbira yonse iwiri. A Lazaro anathamangira njerwa zawo zimene ankasunga kuti adzamangire khitchini. Maina onse awiri anawalemba ndi msomali pasimenti yaiwisi, lina pamwamba lina pansi, kuti lisaoneke la kumanzere kapena la kumanja. Amalume anaseka chapansipansi n'kunena kuti tsopano azimayiwo afune asafune, nkhani ya mbuzi aimaliza.

Ndinafunsa mayi aang'ono kuti nanga ine ndizigwada mbali iti.

"Gwada pakati, mwanawe," anatero. "Wako adzakudziwa mawu."

Lero ndine mphunzitsi, ndipo masiku opuma ndimayenda m'manda a m'dera lathu ndi achinyamata a kumpingo, titapempha chilolezo kwa eni ake. Timajambula manda alionse ndi foni, foniyo imasunga malo ake enieni, ndipo pakompyuta timalemba dzina, makolo ake ndi mudzi umene anachokera, kuti adzukulu amene ali ku Lilongwe kapena ku Chipata athe kufufuza mtundu wawo. Ana amene kale sakanaloza n'komwe, lero ndiwo amakwawa pansi kuwerenga zilembo zofufutika. Mdzukulu wina wa a Naphiri ataona chithunzi cha chiliza chija anandiimbira foni mwachimwemwe, kuganiza kuti agogo ake ndi amayi anga anali pachibale. Ndinamufotokozera zoona zake, koma mpaka pano amanditchabe azakhali, ndipo ine ndimavomera.

Manda atsopano sitiwadikiritsa, timawalemba nkhata zisanafote. Akale ambiri tawapeza pofunsa okalamba amene akadali moyo. Koma kompyuta imafuna dzina limodzi pa manda amodzi, ndipo titafika pa chiliza chathu mtsikana wolembayo anatembenuka kundifunsa kuti wakumanzere ndani. Ndinamupempha kuti asunthe ndikhalepo ine. Pa dzina la amayi anga, amene ndinayambira ntchito yonseyi, ndinalemba ndi zala zanga kuti malo enieni sakudziwika.