Mgolo Umene Unamangidwa ku Glen Norah

Bambo Yotamu a ku Glen Norah anawotcherera zitsulo ku Msasa mpaka fakitale inatseka mageti n'kuwathokoza ndi satifiketi. Atate awo, amene anachokera ku Ntcheu, anawasiyira galimoto ya Pijo, pikapu yogona pa njerwa kuseri kwa nyumba. Anthu amati inafa. Iwo amati ikupumula.

Chimene chinaipumitsa ndi dzimbiri m'buloko ya injini, ndipo buloko yotere simuipezanso ngakhale mutazungulira msika wonse wa ku Mbare. Bambo Yotamu anakana kuchotsa dzimbirilo ndi asidi. "Ameneyo akatha dzimbiri amayamba chitsulo," ankatero. Choncho anagula molasesi, madzi akuda otsala popanga shuga amene alimi amapatsa ng'ombe, n'kusungunula ndi madzi mumgolo, bulokoyo n'kuimizamo. Mankhwala amenewa safuna luso, amafuna kudikira.

Vuto lake n'lakuti molasesi akakhalitsa amasasa. Thovu linakwera, fungo linadumpha mpanda.

"Bambo a Mazvita," anatero akazi awo, mayi Tecla, "amvano ayamba kundipatsa moni wachisoni. Tayani zinthu zanuzi."

Asanataye, kunabwera bwana wa polisi wa yunifolomu, akuyenda wapansi, thukuta lili kamukamu. Ananunkhiza kamodzi n'kumwetulira, n'kuwatchula bambo Yotamu kuti sekuru, ndiye kuti agogo.

"Sekuru, kachasuyu mutcheza liti?"

"Si mowa, bwana. Ndikuchotsa dzimbiri."

"Onse amatero, kuti ndi mankhwala."

Bwanayo anatola ndodo n'kutakasa. Ndodo inagunda chitsulo. Mtima wa bambo Yotamu unakhala pansi: umboni si uwu? Koma bwanayo anavula chipewa mwaulemu.

"Ndinamva kuti ena amaponyamo misomali yadzimbiri kuti mowa ukalipe. Inu mwaponyamo injini yathunthu! Mukufuna kumaliza Glen Norah yense?"

Chigamulo chinali chakuti mgolo ndi zonse zili m'katimo zipite ku ofesi monga umboni. Bambo Yotamu ankadziwa kuti chitsulo cholowa m'chipinda cha umboni chimatuluka mwini wake ali kumanda. Bwanayo anaimba foni kuitanitsa galimoto. Ya ofesi inalibe dizilo. Anayesa kugwedeza mgolowo, koma unangomulavulira thovu pa nsapato.

"Nanga iyo siyenda?" anafunsa, akuloza Pijo.

"Injini yake ndi imene mwaimangayo, bwana."

Bwanayo anaganiza mozama, monga mwa udindo wake. Kenaka anatenga choko n'kulemba mtanda pamgolo. "Wamangidwa pompano. Osaukhudza, osachotsamo kanthu, mpaka tipeze thiransipoti."

Chiyambire moyo wawo, bambo Yotamu sanamverepo lamulo mokondwa chotere. Mayi Tecla akadandaula za fungo, iwo ankangoloza mtanda uja: "Katundu wa boma, mayi."

Mvula inabwera n'kufufuta choko. Thiransipoti sinapezeke. Atakhutira kuti lamulo lafufutika lokha, anavuula buloko ija, kuitsuka ndi payipi, kuipukuta n'kuipaka oyilo msangamsanga dzimbiri lisanabwerere. Chitsulo chinatuluka chotuwa bwino, chosadyeka paliponse.

Tsiku limene Pijo inalira, anakweza mgolo wopanda kanthu kumbuyo n'kupita nawo ku ofesi, poti ndi munthu wosunga malamulo. Bwana uja anausuzumira, anapeza kuti mowa mulibe, choncho mlandu nawonso mulibe. Kenaka anayang'ana mpando wakutsogolo.

"Sekuru, simudzera ku Machipisa?"

"Kwerani, bwana," anatero bambo Yotamu. "Koma chitseko mugwire ndi dzanja. Chimenecho sichinalowe mumgolo."