Malungo Anandipekera Kolasi

Chizindikiro choyamba chinali mutu. Unayamba kuwawa Lachiwiri lina mu Febuluwale chaka chatha, ndikusoka fodya m'chigafa kwathu ku Chezi. Ndinati ndi fungo la fodya, ndinamwa panado n'kupita kukwaya.

Masiku amenewo kwaya yathu ya kutchalitchi inkapeka nyimbo ya mavuto a munthu. A Chisale, otitsogolera, analamula kuti aliyense abweretse mzere umodzi wa vuto lake lenileni, osati lobwereka. Wina anabweretsa feteleza, wina mbozi za m'chimanga, mayi wina mwana wake amene anapita ku Joni osabwerako. Ine anandipatsa kolasi, mawu oti amange mavuto onsewo mtolo umodzi. Ndinalibe ngakhale liwu limodzi, ndipo ndinkaopa kuti ndikajomba aipereka kwa wina.

Lachinayi kunabwera kuzizidwa ndi kusanza. Thupi linatentha moti nkhuku yathu inasiya mazira ake pambali panga n'kupita kokayenda, ndipo anaswa. Ndikulumbira, nkhukuzo zilipo, mudzazione. Mkazi wanga Nabanda anati tipite kuchipatala, ine ndinati Lamulungu liyambe ladutsa.

Lamulungulo sindikulidziwa. Akuti ndinaimirira pakati pa Misa n'kufunsa ansembe ngati minibasiyi ikufika ku Lilongwe. Ananditengera kuchipatala cha paboma pa galimoto ya parishi.

Atandiyeza magazi, adokotala anauza Nabanda kuti, "Ndi malungo aakulu, afika kumutu. Mukanachedwa pang'ono, tikanakamba zina." Anandiika diripi n'kuyamba jakisoni. M'mawa uliwonse namwino ankayeza kutentha kwa thupi, odwazika ankatuluka kuti m'wodi akolope, kenako tinkadikira adokotala. Izi ndinachita kuuzidwa. Zimene ndinkaona ine ndi denga likuyenda, komanso chitsulo chokolekapo diripi chimene ndinkachipatsa moni mwaulemu poyesa apongozi.

Masana ena ndinamva kwaya yathu ikuimba chapansipansi kunja kwa zenera. Kwathu kuno, kwaya ikamakuimbira uli chigonere, nsalu ili pachifuwa, tanthauzo lake ndi limodzi. Ndinangoti phee monga maliro odzilemekeza, ndikudandaula mumtima kuti anthu abwera ochepa. Ndinamva feteleza akudutsa, mbozi, mwana wa ku Joni. Kenako onse pamodzi anati: "Kodi tili kuti kuno? Ndigwireni dzanja tifike."

Ndinadzuka ndi ukali, kufunsa kuti ndani walanda kolasi yanga ine ndisanaikidwe n'komwe.

"Bambo, gonani, muzula diripi," anatero namwino. "Koma poti mwayamba milandu, ndiye kuti mukuchira."

Nabanda ndiye anandifotokozera. Mawuwo anali anga. Akuti ndinkawabwereza njira yonse m'galimoto muja, nditagwira dzanja la a Chisale osalisiya, ndipo iwo atabwerera anangowaika mu nyimbo mmene analili. Ine sindikukumbukira chilichonse.

Mpaka lero sitinagwirizane za tanthauzo lake. A Chisale amati ndi mawu ozama, onena za ulendo wa munthu padziko. Ine ndikuganiza kuti ndinkangoopa kugwa m'galimoto, chifukwa msewu wathu wa m'mapiri mukuudziwa. Koma tsiku limene tinaimba nyimboyi m'tchalitchi, mayi uja wa mwana wa ku Joni anagwira dzanja la mnzake n'kulira, choncho ndinasiya kutsutsa.

Pano ndili bwino. Ndinatha milungu ingapo miyendo ili lende, koma mankhwala ndinamaliza onse ndipo ndinabwerera kumunda. Neti ya udzudzu imene ndinatchingira nazale ya fodya ndinaibwezera kuchipinda.

Abale anga, mutu ukawawa thupi n'kutentha, pitani mukayezetse tsiku lomwelo. Musadikire Lamulungu, musadikire nkhuku. Ine ndinapitako mochedwa n'kubwerako ndi kolasi, koma kwaya yathu yomweyi yaperekeza ambiri amene sanadzuke kudzafunsa kuti ndani wapeka.